Nyimbo Imene Ndinapempha Anthu Kuti Asayimbe

Ntchito yoliza limba m'tchalitchi ili ndi lamulo limodzi losalembedwa paliponse. Umayamba waliza wekha mzere woyamba wa nyimbo kuti anthu amve poyambira. Ukatero umanyamula manja pang'ono, limba n'kukhala chete kanthawi kongokwanira munthu kukoka mpweya, ndiye mpingo wonse umalowa. Ndachita zimenezi zaka zoposa makumi atatu m'tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu kuno ku Zomba. Pamene ndinkayamba, anthu ankalowa m'nyimbo aliyense nthawi yake, ngati mbuzi zotuluka m'khola. Ndine amene ndinawazoloweza kudikira kampata kameneka. Ndikunena izi poyambirira kuti wina asaganize kuti ndikudandaula za anthu a mpingo wathu. Zimene anachita ndinawaphunzitsa ndine.

Ine ndinali mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo limba ndinaliphunzira ndili kale pabanja. Anandiphunzitsa ndi wansembe wina wokalamba wochokera kutsidya kwa nyanja, munthu wosalankhulalankhula, amene ankandigogoda chala ndi pensulo ndikaphonya. Limba lathu silifanana ndi makiyibodi a masiku ano. Lili ndi mizere iwiri ya makiyi a manja, pansi lili ndi makiyi ena aatali amatabwa opondedwa ndi mapazi, ndipo m'mbali muli timitu tokoka tosinthira mawu. Kena kamatulutsa mawu owonda ngati a chitoliro, kena mawu okhuthala ogwedeza mabenchi. Wansembeyo anandiuza kuti kwawo anthu amapita kutchalitchi Lamulungu masana kukangokhala pansi n'kumamvetsera limba lokha, popanda kwaya, popanda ulaliki. Ndinayesa akundiseka. Tsiku lina anatseka zitseko, nandikhazika pabenchi lapakati, iwo n'kuliza kwa ola lathunthu. Ndinafika kunyumba osadziwa njira imene ndadzera.

Pobwerera kwawo anandisiyira mabuku awo ndi mpando wawo. Kuchokera apo ndapeka nyimbo zambiri za kwaya. Zina zimayimbidwa m'matchalitchi a kumidzi ndi anthu osadziwa kuti anapeka ndani, ndipo zimenezo zimandikondweretsa. Nyimbo za limba lokha ndinkaziliza pothera Misa, anthu akutuluka, akupatsana moni, ana akukoka mabenchi. Sindinkadandaula. Ntchito ya nyimbozo inali kuperekeza anthu pakhomo.

Akazi anga anamwalira m'nyengo yozizira, mwezi wa Juni. Sanali a m'kwaya. Ankati mawu awo ndi a m'nyumba. Koma panali nyimbo ina ya m'buku lathu, ya madzulo, imene sinkachoka pakamwa pawo. Ankayimba akusita, akusankha nyemba, akuyanula zovala. Anali ndi mphumu kuyambira utsikana wawo, choncho akamaliza mzere woyamba ankaima nthawi yaitali kuposa momwe bukulo limanenera, akufunafuna mpweya. Zaka zoyamba za ukwati wathu ndinkawadzudzula ndili kuchipinda china.

"Mayi, pamenepo palibe mpumulo wautali choncho."

"Kalizeni limba lanu kutchalitchi, bambo. Muno wapampando wa kwaya ndine."

M'kupita kwa nthawi ndinaleka. Kenaka ndinazindikira kuti nanenso ndikamayimba chamumtima ndikuima pomwepo, nthawi yofanana.

Maliro atatha, achibale atabalalika, nyumba yathu ya ku Chikanda inandikulira. Ophunzira a kuyunivesite okhala m'nyumba zoyandikana ankaliza mawailesi awo monga mwa masiku onse, ndipo ndinkawathokoza mumtima chifukwa cha phokosolo. Lachiwiri lililonse ndinayamba kukwera phiri wapansi, kutsata msewu wokhotakhota uja, ndikupatukira amuna otsika ndi njinga zosenza nkhuni. Ndinkafika pafupi ndi damu n'kukhala pachitsa cha paini, kope lili pamaondo. Kumeneko ndi kumene ndinalemba nyimbo ya limba lokha, yomangidwa pa nyimbo ya akazi anga ija. Inanditengera chaka ndi miyezi iwiri.

Ili ndi zigawo zisanu. Choyamba ndi nyimbo ija yokha, pamawu owonda, ndipo mzere woyamba ukatha pali mpumulo wautali, wa kuwerenga kasanu ndi kamodzi. Chachiwiri nyimbo imatsikira kumapazi, manja n'kumayenda pamwamba pake. Chachitatu n'chofatsa. Chachinayi n'chothamanga, zala za dzanja lamanja sizipuma. Chachisanu chimayamba ndi mawu onse a limba, n'kumachepa mpaka kutsala amodzi.

Vuto linali manja anga. Nyamakazi inandigwira zaka zingapo zapitazo, ndipo inakhazikika kwambiri m'zala ziwiri zakumapeto za dzanja lamanja. M'mwezi wa Julayi, nkhungu ikatsika m'phiri, ndimalephera ngakhale kumanga mabatani a malaya. Kukatentha zala zimamasuka. Adokotala anandiuza mosabisa kuti chisanu chilichonse chizitenga kena kake osabweza. Nyimbo za Misa ndikanatha kuzilizabe, koma chigawo chachinayi chija ndinkadziwa kuti ndichitha m'chilimwe chimenecho chokha. Achinyamata athu oliza kiyibodi ali ndi makutu abwino kuposa anga, koma palibe amene amawerenga nyimbo zolembedwa pamizere isanu, ndipo palibe amene anaphunzira kuliza ndi mapazi. Ndikapanda kuiliza ine, ikanangokhala pepala m'kabati. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti anthu amene ankawadziwa akazi anga ayimve kamodzi, kuyambira poyamba mpaka pothera.

Ndinapita kwa bambo mfumu a parishi yathu, wansembe wa msinkhu wa mwana wanga, wokonda nthabwala.

"Bambo, ndikupempha tchalitchi Lamulungu lina masana, ola limodzi. Ndikufuna kuliza limba anthu amvetsere."

"Zabwino zedi, achikulire. Ndi kwaya iti? Ya m'mawa kapena ya achinyamata?"

"Popanda kwaya, Bambo."

"Nanga aziyimba ndani?"

"Palibe."

Anandiyang'ana, nakanda m'mutu. "Ndiye anthuwo azichita chiyani ola lonselo?"

"Azingokhala."

"Achikulire, ine ndikalalikira pang'ono chabe, ena amakhala atayamba kale kulota. Inu mukufuna ola?"

Komabe analola. Polengeza pa Misa anati kudzakhala mwambo wa nyimbo wokumbukira malemu akazi anga, ndipo aliyense abwere. Ndinawamva mawuwo ndili pampando wanga, sindinawakonze. Ndinkayenera kutero.

Linali Lamulungu loyamba la Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anabwera ambiri kuposa momwe ndinkayembekezera, aliyense buku la nyimbo lili m'manja. Amayi a bungwe anavala yunifolomu, ndipo patsogolo pawo panali alamu anga, akulu awo a akazi anga. Alamu amagulitsa mpunga mumsika waukulu. Ndi mayi wojintcha, wa mawu omveka kuchokera kuguwa mpaka kumsewu, ndipo pamaliro paliponse m'dera lathu ndi iwo amene amayambitsa nyimbo. Chimwalirireni mng'ono wawo, Loweruka lililonse ankabwera kunyumba kudzaona ngati ndikudya.

Ndinaviika manja m'madzi ofunda amene ndinabwera nawo m'fulasiki, ndinapukuta, n'kukhala pampando. Ndinayamba ndi nyimbo ziwiri zakale za m'mabuku a wansembe uja. Anthu ankalankhulana motsitsa mawu, ena akulowa, ena akusunthirana malo. Kwa iwo mwambo unali usanayambe. Limba likamalira lokha ndiye kuti tikudikira wina wake. Sindinadere nkhawa. Ndinatsegula mapepala anga, ndinakoka kamutu ka mawu owonda, n'kuliza mzere woyamba.

Tchalitchi chinati zii nthawi yomweyo. Ndinamva mabuku akutsegulidwa. Ndinanyamula manja n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Ndisanafike pa ziwiri, alamu analowa, ndipo pambuyo pawo mpingo wonse.

Ndikanatha kukhala osaliza. Koma manja amene aperekeza mpingo zaka zonsezi sadziwa kusiya anthu panjira. Anatsika okha pamakiyi. Ndinawaperekeza ndime zonse zisanu. Kunena zoona anayimba bwino kwambiri, amayi ena akupukuta misozi ndi nsonga za nsalu. Itatha anaimirira kudikira madalitso, pakuti nyimbo imeneyi kwathu ndi yotsekera. Bambo mfumu anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu, iwo anadalitsa, anthu anatuluka. Mapepala anga anali akadali patsamba loyamba.

Pakhomo alamu anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwationa ife, alamu? Takulirirani mkazi kapena ayi?"

"Mwayimba bwino, alamu. Zikomo."

Sindinanene zambiri tsiku limenelo. Ndaphunzira kuti mawu a munthu wokhumudwa amafunika agonere. Ndinadikira mpaka Loweruka, atabwera ndi matemba m'kambale. Titamwa tiyi ndinatulutsa mapepala, n'kuwafotokozera kuti nyimboyo inali yoti limba lilire lokha, kuti pambuyo pa mzere uja panali zigawo zina zinayi zimene sizinamveke.

"Ndiye mukuti tinalakwa kuyimba?"

"Simunalakwe. Ndine amene sindinafotokoze."

"Koma mukufuna tikhale duu ngati tili kukhoti?"

"Kwa kanthawi kochepa basi."

Anaika kapu pansi. "Alamu, inu munamupeza ali wamkulu kale. Ine ndinamubereka kumsana uyo. Nyimbo imeneyo tinkayimba limodzi tikuchokera kotunga madzi inu musanadziwe kuti kunja kuno kuli limba. Lero ndimve nyimbo ya mng'ono wanga ine n'kutseka pakamwa? Chifukwa cha timadontho ta papepala?"

Ananyamula kambale kawo n'kupita. Loweruka lotsatira sanabwere.

Ndinabwereranso kwa bambo mfumu. Ulendo uno analengeza momveka bwino, kawiri konse: limba lidzalira lokha, pasadzakhale woyimba, mabuku asiyidwe kunyumba. Anthu anaseka pang'ono. Linali Lamulungu lomaliza la Okutobala. Anabwera ochepa, ndipo alamu panalibe. Kutsogolo kunakhala bambo wina wa kuyunivesite ya ku Chirunga, wophunzira kwambiri zoimbaimba, amene anamva za mwambowu kwa anzake. Anthu ena onse anakhala atapinda manja, akuyang'ana pansi, monga ana a sukulu ochenjezedwa.

Ndinasiya nyimbo zakale zija, ndinayamba ndi yanga. Mzere woyamba unatha. Ndinanyamula manja. Imodzi, ziwiri, zitatu. Mtima unayamba kukhala m'malo.

Pa zinayi panamveka mawu amodzi, onjenjemera, ochokera kubenchi lakumbuyo. Anali agogo ena, katekisiti wopuma, amene makutu awo anasiya kalekale kumva bwino. Chilengezo sanachimve. Anangomva limba lapereka mzere, monga lachitira zaka zonsezi, ndipo analowa ndi mtima wonse, maso ali chitsinzinire.

Kwathu kuno munthu sasiyidwa kuti ayimbe yekha. Kuli ngati kumuona akugwa iwe n'kupinda manja. Agogowo anayimba mawu atatu kapena anayi ali okha, kenaka mayi wina anawalandira kuti asachite manyazi, wina anawonjeza mawu apansi, basi tchalitchi chonse. Bambo wa ku Chirunga uja anatembenuka.

"Shii! Shii!"

"Mukupirikitsa nkhuku kodi, achimwene?" anatero mayi wina, n'kupitiriza ndime yake.

Ndinayesa kuumirira. Ndinalowa m'chigawo chachiwiri, mapazi akuliza nyimbo pang'onopang'ono monga ndinalembera, anthu akuyimba pa liwiro lawo. Tinakokanakokana mizere iwiri, zinamveka ngati ngolo ziwiri zakumana pamlatho wopapatiza. Ndinagonja ndine. Ndinawaperekezanso mpaka kumapeto.

Anthu atatuluka, bambo wa ku Chirunga anabwera kudzaona mapepala. Anawerenga mofatsa, chala chikuyenda pamizere, ndipo ananena mawu abwino amene ndinawasunga. Kenaka anandipatsa nzeru ziwiri.

"Bambo, chotsani mpumulo uwu. Ndi umene ukuwaitana. Mzere woyamba ukangotha lowani wachiwiri, sapeza polowera. Apo ayi, tibwere tsiku la pakati pa sabata, titseke zitseko, ndikujambuleni pafoni. Nyimbo isungika."

Ndinamuthokoza. Anali kunena zanzeru, ndipo ndinaziganizira sabata yathunthu. Koma m'tchalitchi chopanda anthu ndinali nditaliza kale nyimboyi kambirimbiri pokonzekera, mileme yokha ikumva. Ndipo mpumulo uja sukanachoka. Nyimbo ija ili m'buku, aliyense angathe kuipeza. Chimene chinali cha akazi anga okha ndi malo amene ankaima.

Lachiwiri lotsatira ndinakweranso phiri. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha kumadzulo, ndipo anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anali atakonza kale mapepala apulasitiki ofundira. Ndinakhala pachitsa changa n'kumapinda ndi kutambasula zala. Mvula ikakhazikika, chinyezi chimandilowa m'mafupa pafupifupi ngati chisanu. Komanso Adiventi inali pafupi, nyengo yokonzekera Khirisimasi imene limba limayenera kufatsa. Ndinatsala ndi masabata atatu. Ndinapemphera pang'ono, osati pemphero lalitali. Potsika ndinali nditadziwa kuti njira yanga sidzera kwa bambo mfumu kapena kwa munthu wa ku Chirunga. Sindinapite kunyumba, ndinalunjika kumsika.

Ndinawapeza alamu akupeta mpunga pabenchi lawo. Anandiona ndili patali, koma anapitiriza kupeta.

"Tikuoneni, alamu."

"Zikomo. Ndamva kuti khoti lanu linasokonekeranso."

"Linasokonekera."

"Agogo aja eti? Mulungu awadalitse." Anaseka mpaka lichero linagwedezeka. Anandikankhira chitini chokhalira. "Khalani apa. Mwaonda. Mukudya chiyani?"

Ndinakhala. Ndinawaonetsa dzanja lamanja, ndinayesa kulifumbata, zala ziwiri zija zinatsalira panjira. Sindinali nditawaonetsapo. Anasiya lichero n'kuligwira, akulitembenuza ngati nsomba imene akukayika nayo.

"Mng'ono wanga ankadziwa?"

"Ankandithira madzi ofunda Lamulungu lililonse m'mawa."

Ndinawauza kuti chaka chamawa sindidzathanso kuliza nyimboyi, ndi kuti sindinabwere kudzawaletsa kuyimba, koma kudzafunsa. Iwo ndi amene amadziwa anthu akamayimba.

"Ndiuzeni, alamu. Kodi munthu amene akudziwa nyimbo angakhale chete liti?"

"Akaiyimba n'kuimaliza," anayankha osaganiza n'komwe. "Inu mumatinunkhiza ndiwo pamphuno n'kumati musadye. Ndani angapirire? Simuona pamaliro? Amayi tikayimba mpaka kukhosi kuuma, akaimirira wolankhula timamvetsera bwinobwino. Koma ayambe kulankhula tisanayimbe, aona."

Ndinakhala ndikuyang'ana mpunga uli palichero. Zaka zonsezi ndakhala ndikuona zimenezo, koma sindinaziganizepo.

"Ndiye muyambe mwayimba?"

"Ndime zonse. Yomaliza kawiri. Tiyimbe toimirira, titope. Tikakhala pansi, lizani timadontho tanuto."

"Nanga agogo aja?"

"Amenewo asiyireni ine. Ndikhala nawo benchi limodzi. Akangotsegula pakamwa ndiwaponyera switi." Anatenganso lichero. "Koma ndikuchenjezeni, alamu. Ikakhala yosakoma, ndikuuzani pamaso pa anthu."

"Mundiuze."

"Ndipo mpumulo wanuwo ndi wautali bwanji?"

"Monga ankapumira mng'ono wanu."

Anayamba kupeta mwamphamvu, mankhusu akuulukira pamalaya anga.

Bambo mfumu atandiona pakhomo pa ofesi yawo anagwira m'chiuno.

"Kachitatu, achikulire? Anthu ayesa mukutsegula mpingo wanu."

"Kotsiriza, Bambo."

"Ndilengeze kuti chiyani tsopano? Ayimbe kapena asayimbe?"

"Musalengeze chilichonse, tsiku lokha. Zinazo anena ndi alamu anga."

"Aa, ngati ndi amayi amenewo, ngakhale ine ndikhala chete."

Linali Lamulungu lomaliza Adiventi isanayambe. Mvula inali itagwa kawiri sabata imeneyo, ndipo m'mawa zala zinadzuka zolimba. Pa Misa ndinaliza mosamala, osafuna kuzitopetsa. Masana dzuwa linatuluka. Ndinaviika manja nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpaka khungu linachita makwinya.

Anthu anadzaza kupitirira theka la tchalitchi. Sindikudziwa kuti alamu anawauza chiyani amayi a bungwe, koma anabwera onse, ndi amuna awo ena. Bambo wa ku Chirunga anabweranso, ulendo uno anakhala pambali. Alamu anaimirira pakati, osapita kutsogolo, nalankhula ngati ali pamsika.

"Abale, tiyimba nyimbo ya mng'ono wanga. Tiyimbe yonse, wina asasunge mawu. Tikatha tikhala pansi, alamu angawa atiuze zawo. Iwo pakamwa n'polemera, amalankhulira pa limba. Munthu akamalankhula sitimudula. Tamvana?"

"Tamvana!"

Ndinapereka mzere, ndinanyamula manja, analowa. Sindinamvepo nyimbo imeneyi ikuyimbidwa motero. Ndime yomaliza anaibwereza kawiri monga tinapangana, kenaka alamu anaibwerezanso kachitatu mwa okha, anthu n'kutsatira. Pokhala pansi mabenchi analira, anthu akupuma mwamphamvu, ena akudzikupiza ndi mabuku. Pagalasi laling'ono limene lili pamwamba pa limba, loonera wansembe kuguwa, ndinaona alamu akudutsa kupita kubenchi lakumbuyo, nakhala pafupi ndi agogo aja.

Ndinadikira mpaka chifuwa chomaliza chitatha. Ndinakankha timitu tonse, ndinasiya kamodzi ka mawu owonda. Ndinaliza mzere woyamba. Ndinanyamula manja.

Imodzi. Ziwiri. Ndinamva tchalitchi chonse chikukoka mpweya, pakuti thupi limachita zimene linazolowera. Zitatu. Pagalasi ndinaona agogo aja akuweramira kutsogolo, ndi dzanja la alamu likutsikira pabondo pawo. Zinayi. Kunja njinga yamoto inadutsa. Zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Mpweya uja unatuluka pang'onopang'ono, wopanda mawu. Ndinatsitsa manja pa mzere wachiwiri.

Za zigawo zotsatira sindikumbuka zambiri, chifukwa munthu akamaliza sakhala ndi mpata womvetsera. Ndikukumbuka kuti nyimbo itatsikira kumapazi mwana wina anafunsa mokweza kuti, "Amayi, chikulira n'chiyani?" ndipo anamutontholetsa. Ndikukumbuka kuti m'chigawo chachitatu panali mayi wina amene ankang'ung'udza motsitsa kwambiri, osatsegula pakamwa, ndipo sizinandisokoneze. Pofika chachinayi ndinapempha Mulungu mphindi zitatu zokha. Chala chaching'ono chinaphonya kawiri. Kachiwiriko ululu unakwera mpaka m'chigongono, ndipo ndinatsala pang'ono kuima. Ndinaluma mano n'kupitiriza, mbali ina ndikuliza ndi chala chapakati pamene panayenera chaching'ono. Chachisanu ndinakoka timitu tonse, mawindo ananjenjemera, kenaka ndinayamba kutikankha kamodzikamodzi mpaka panatsala mawu amodzi. Ndinawagwira nthawi imene ndinalemba, ndinawasiya.

Palibe anasuntha. Anthu sankadziwa ngati yatha, kapena ngati m'tchalitchi amaomba m'manja pa zoterezi. Nanenso sindinkadziwa choti ndichite, ndinangokhala manja ali pamaondo, dzanja lamanja likugunda. Patapita kanthawi agogo aja ananena mokweza, monga amachitira anthu osamva, "Amen." Anthu anayankha, "Amen." Bambo mfumu anaimirira n'kudalitsa.

Ambiri anabwera kudzandigwira dzanja, ndipo ndinkawapatsa lamanzere. Bambo wina anati sankadziwa kuti limba lathu lili ndi mawu ochuluka chotero. Mayi wina anati m'chigawo chothamanga chija anaona akazi anga akupita kumsika mochedwa. Ine sindinalembe zimenezo, koma sindinamutsutse. Alamu anadikira onse atuluke. Anabwera pamene ndinkasonkhanitsa mapepala, maso ali ofiira.

"Switi yanga yabwerera," anatero, akundionetsa m'dzanja. "Agogo aja ndi omvera kuposa inu."

"Nanga nyimbo? Munati mundiuza."

"Ndikuuzani. Pachitatu paja munathamanga. Iye sankathamanga choncho pamenepo, ankakoka. Inu simunkamumvetsera kodi?"

"Mwina ndinachita mantha ndi chachinayi."

"Mantha anuwo. Mukakonze." Anamanga nsalu yawo bwino. "Loweruka ndibwera ndi nyemba. Musaphike."

Nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde n'kuyimba chamumtima chigawo chachitatu, ndikuyerekeza ndi momwe ndinkawamvera akazi anga akusita. Alamu ananena zoona. Ndinatenga pensulo ndi dzanja lamanzere, pakuti lamanja linali litatupa, ndipo pamwamba pa tsambalo ndinalemba ndi zilembo zokhota kuti: pang'onopang'ono, mokoka.

Chisanu chotsatira chinatenga zala ziwiri zija monga adokotala ananenera. Ndimalizabe pa Misa yoyamba, nyimbo zosavuta, ndipo Misa yachiwiri ndinaisiyira achinyamata. Nyimbo ija sindinailizenso. Inamveka kamodzi, yonse, pamaso pa anthu amene ankawadziwa akazi anga, ndi zophonya ziwiri ndi chigawo chimodzi chimene ndinachithamangitsa.